Laputopu imene tinagula ndi amalume

Dzina langa litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, ndinali ndikugwira ganyu yosankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Nsaru. Kwathu ndi kwa Kabudula, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga ya abambo kupita ku shedi. Kumeneko tinkakhala pansi tsiku lonse, kusiyanitsa masamba ofiira ndi akuda, aatali ndi aafupi, mpaka mphuno kuyabwa.

Mlembi wa pa esitetiyo anali mayi wina wa ku Thyolo. Makolo awo anabwera kuno ngati matenanti iwo ali aang'ono, ndipo anakulira pompo mpaka kupatsidwa ofesi. Muofesimo munali kompyuta yakale ya pa tebulo yoyendera sola. Nthawi yopuma masana ankandiitana, poti ndinali ndekha wa Folomu 4 pa gulu lathu, kuti ndiwathandize kuwerenga makalata a Chingerezi. Tikamaliza ankatsegula gemu ina yoyendetsa lole.

Gemuyo inalibe mfuti kapena ndewu. Umanyamula katundu mumzinda wina n'kukamusiya mumzinda wina, m'misewu ya dziko limene sindinkalidziwa, ukuwongolera ndi mabatani anayi a mivi. Ukafika pa getsi lofiira umaima. Ukagunda galimoto ya mnzako amakupatsa chilango. Ine ndinali ndisanagwirepo chiwongolero cha galimoto iliyonse, koma pakutha pa miyezi iwiri ndinkabweza lole ya ngolo yaitali chambuyo n'kuilowetsa pa geti osakhudza mpanda. Ndinkaikonda kwambiri gemuyo, ndipo kunyumba sindinauzepo munthu.

Patapita masiku angapo dzina langa litatuluka, wina anandilowetsa m'gulu la pa foni la ife amene tinasankhidwa chaka chimenecho. Mmenemo munalinso ophunzira a chaka chachiwiri ndi chachitatu amene ankatilangiza. Onse anagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti popanda laputopu munthu umavutika. Pa zina zonse ankakangana. Wina analemba kuti ramu isachepere eyiti. Wina anamuyankha kuti iye wamaliza zaka ziwiri ndi ramu folo ndipo sanafe. Wina anati chachikulu ndi purosesa, tigule faivi kapena seveni. Wina anati nambala imeneyo ndi yabodza, tiyang'ane jenereshoni. Mtsikana wina analemba kuti tisagule yopanda esesidi, ndipo nditafunsa kuti esesidi n'chiyani, anthu atatu ananditumizira tinkhope toseka.

Ndinang'amba pepala m'kope langa lakale la Bayoloje n'kulemba mawu onsewo mmene ndinawaonera. Sindinkadziwa ngati ramu ndi chinthu chimene munthu angachione ndi maso. Ndinatenga pepalalo kupita nalo kwa amlembi aja.

"Ine mwana wanga ndimangoyatsa ndi kuzimitsa," anatero akulibweza pepalalo. "Iyi anaibweretsa ndi abwana. Koma dikira."

Anatenga fulashi m'dilowa n'kukoperamo gemu ija.

"Ukakapeza imene ikuyendetsa lole iyi bwinobwino, ndiye kuti ndi yamphamvu. Sukulu siingailemere kuposa lole, eti?"

Ndinavomera, ngakhale sindinkadziwa ngati zinali zoona.

Abambo anga analipo ndipo anakondwera nawo, koma kwathu nkhani yaikulu ya mwana imathera kwa amalume. Amalume anga, achimwene awo a amayi, anali mphunzitsi wopuma pa ntchito komanso mkulu wa mpingo. Kwa zaka zambiri ndiwo ankalemba zokambirana za akulu a mpingo pa taipilaita yawo, imene ankaifunditsa nsalu ngati khanda. Choncho nkhani ya makina itabwera, aliyense anayang'ana kwa iwo. Amayi anagulitsa soya, amalume anagulitsa nkhumba, ndipo zimene zinapezeka zinali zokwanira laputopu ya kaunjika, osati yatsopano. Ndalamazo anazisunga amalume m'thumba la m'kati mwa jekete.

Tinakwera minibasi pa Nsaru Lachisanu lina m'mawa. Amalume anavala tayi. Ine ndinali ndi pepala lija m'chikwama, ndipo fulashi ndinaimanga pa nsonga ya chitenje. M'njira monse ankandifunsa mafunso amene sindinkatha kuyankha.

"Kodi makinawa amafuna mafuta ngati taipilaita?"

"Sindikudziwa, amalume."

"Nanga akawonongeka amakonza ndani? Pa Nsaru alipo?"

"Alipo wokonza mafoni."

"Foni ndi foni," anatero, n'kuyang'ana pa windo.

Titafika m'tauni tinayamba ndi sitolo ina yaikulu ya magalasi. Malaputopu anali atandandalikidwa pa tebulo loyera, iliyonse ndi kapepala ka mtengo pambali. Amalume anavala magalasi awo, anawerenga kapepala koyamba, kachiwiri, kenako anavula magalasiwo n'kuwabwezera m'thumba. Tinatuluka osalankhula ndi munthu.

Mayi wina wogulitsa nthochi panja ndiye anatilozera nyumba ina ya nsanjika kufupi ndi msika, mmene munali timashopu ting'onoting'ono tambiri. Tinakwera masitepe n'kulowa m'kashopu kena kamene munkangokwana anthu anayi. Mwini wake anali bambo wonenepa wa ndevu zometa bwino, ndipo kumbuyo kwake malaputopu anali atasanjikizana ngati mabuku.

"Takulandirani, adala. Asisi, lowani. Ya sukulu, eti?"

"Ya sukulu," anayankha amalume. "Koma yolimba, ndipo ya mtengo wa anthu."

Bamboyo anaika malaputopu atatu pa kauntala. Yoyamba inali yaing'ono, yopepuka, yoyera ngati mbale. Yachiwiri inali yakuda, yaikulu, ndipo atayiyatsa mabatani ake anawala mofiira. Yachitatu inali yotuwa, yochindikala, yokalikakalika m'makona, ndipo pa chivindikiro panali chipsera cha pepala limene linamatulidwa.

Ndinatulutsa pepala langa n'kuyamba kufunsa. Yaing'onoyo inali ya jenereshoni yatsopano, koma ramu yake inali folo. Yotuwayo inali ndi ramu eyiti ndi purosesa faivi, koma ya jenereshoni yakale. Yakudayo inali seveni. Ndinaganiza kuti tsopano ndamvetsa, poti seveni ndi yaikulu kuposa faivi, koma bamboyo anapukusa mutu.

"Ayi asisi, sizili choncho. Seveni yakale imagonja kwa faivi yatsopano. Ndipo nthawi zina firii yatsopano imaposa zonse."

"Ndiye nambalazo anazilemberanji?" anafunsa amalume.

"Ndi mmene anazipangira azungu, adala."

Ndinayang'ana pepala langa. Chilichonse chimene ndinalemba chinalipo, koma chomwazikana m'makina atatu osiyana. Panalibe imodzi imene inali ndi zonse.

Amalume anali ndi funso lawo limene m'gulu la pa foni lija palibe analiganizira.

"Kwathu kulibe magetsi. Mwanayu akabwera pa holide azikatchajitsa pa Nsaru. Ndi iti imene imasunga moto nthawi yaitali?"

Bamboyo analoza yaing'ono ija, kenako yotuwa. Yakuda sanailoze.

Apa m'pamene amalume anatembenuka kuti ayankhe foni yawo, ndipo ine ndinawerama pa kauntala n'kufunsa chapansipansi ngati imodzi mwa izo ingathe kuyendetsa gemu. Ndinkaganiza kuti andiyankha chapansipansi momwemo.

"Oo, asisi akufuna ya magemu!" anafuula mokondwera. "Bwanji osanena kale? Ndiye tengani yakudayi. Iyi ili ndi khadi lakelake m'katimu."

Amalume anadula foni.

"Khadi lanji?"

"Khadi la magemu, adala. Lamphamvu zedi."

"Makhadi?"

"Eya, zina zimakhala ndi khadi, zina zilibe."

Nkhope ya amalume inasintha. Ndinaidziwa nkhope imeneyo, chifukwa ndi imene ankavala akapeza anyamata akutchova juga kuseri kwa tchalitchi.

"Bambo, ine ndabwera kudzagula makina a sukulu. Inu mukundionetsa makina a juga?"

"Ayi adala, si makhadi amenewo. Ili ndi khadi la zithunzi."

"Mwanena kuti la magemu."

"N'limodzimodzi."

"Zithunzi ndi masewera n'chimodzimodzi?"

Bamboyo anandiyang'ana kuti ndimuthandize, koma ine ndinalibe chomuthandizira. Kunena zoona, nanenso ndinkaganiza kuti m'katimo muli kakhadi konga ka m'foni, kokhala ndi magemu, kamene munthu angakatulutse n'kukaika m'thumba. Pa pepala langa panalibe mawu akuti khadi.

Amalume anatembenukira kwa ine.

"Iwe, kodi kusukuluko anakulemberani kuti muzikasewera?"

"Ayi, amalume."

"Nanga za magemuzi zachokera kuti?"

M'kashopumo munali mutalowa atsikana awiri ofuna chaja, ndipo anaima chete kumvetsera. Ndinafotokoza zonse, za ofesi ya pa esiteti, za amlembi aja, za lole. Ndinkalankhula ndikuyang'ana nsapato zanga.

Nditamaliza, amalume anayamba kundifunsa.

"Loleyo ndi ya ndani?"

"Ndi ya m'kompyuta momwemo."

"Umalipira kuti uyendetse?"

"Ayi."

"Ukawina amakupatsa chiyani?"

"Palibe kuwina, amalume. Ndimangokasiya katundu."

"Ndiye umagwira ntchito ya udalaivala popanda malipiro."

Atsikana aja anaseka. Ine sindinadziwe ngati amalume akundikalipira kapena ayi. Kenako anati, "Tionetse."

Ndinamasula fulashi pa chitenje. Bamboyo anayamba ndi yaing'ono ija. Sikirini inada, inawala, inadanso, kenako gemu inadzitseka yokha. Pa yotuwa inatseguka, koma lole inkayenda modumphadumpha ngati ngolo ya ng'ombe pa msewu wa mabampu. Pa yakuda, mayo ine. Msewu unali wosalala, mitengo ikugwedezeka ndi mphepo, madontho a mvula akutsetsereka pa galasi la kutsogolo. Pa kompyuta ya ku esiteti sindinadziwe n'komwe kuti m'gemumo mumagwa mvula yooneka choncho. Ndinayendetsa mpaka pa getsi lofiira, ndinaima, ndinapereka siginolo, ndinakhota. Amalume anali ataima kumbuyo kwanga, magalasi ali pa mphuno.

"Waima bwino pa getsi paja," anatero. Kenako anauza bamboyo kuti, "Tazulani chingwecho."

Atazula, makinawo anapitiriza kulira ngati chigayo cha patali, mpweya wotentha ukutuluka m'mbali. Amalume analoza kachizindikiro ka batire pansi pa sikirini, ndipo tonse atatu tinakayang'ana. Ndisanafike mumzinda wachiwiri, kanali katatsika moonekeratu.

"Batire lake ndi lotopa pang'ono," anavomera bamboyo. "Koma zamagemu zonse zimatero."

Kenako amalume anapempha kuti awatsegulire polemba. Anakokera mpando, anakwinya manja a jekete, n'kuika zala pa yaing'ono ija. Ankatayipa osayang'ana zala, maso ali pa khoma, mmene ankachitira pa taipilaita yawo. Analemba mizere iwiri n'kunena kuti mabataniwo ndi ofewa ngati phala. Pa yakuda anati kuwalako kukuwathobwa m'maso. Pa yotuwa analemba nthawi yaitali, mabatani akulira kuti kha kha kha, mpaka bamboyo anati, "Adala, munali a boma eti?" Ndinaona kuti amalume zawakomera.

Za mtengo zinali chonchi. Yaing'ono ndi yotuwa tikanatha. Yakuda inali pamwamba, koma bamboyo anati atha kutsitsa mpaka pamene ndalama zathu zonse zinkathera, kungotsala ya minibasi. Ndinkayembekeza kuti amalume agamula, poti ndiwo anali ndi jekete. Koma anaimirira n'kunena kuti, "Ukagwiritse ntchito ndiwe. Sankha. Ine ndili panja."

Anatulukadi.

Ndinatsala ndi makina atatu ndi pepala limene tsopano linali lonyowa ndi thukuta. Ndinayesa kuimbira amlembi aja, koma foni yawo inali yozima. Ndinalemba m'gulu lija kuti, "Faivi yakale ya ramu eyiti, kapena yatsopano ya ramu folo, kapena seveni ya khadi?" Mayankho anabwera msangamsanga. Woyamba anati yatsopano. Wachiwiri anati ya khadi, osaganizanso. Wachitatu anati zonsezo ndi zinyalala, ndidikire msuweni wake akubwera nazo kuchokera ku Joni mwezi wa mawa. Wachinayi anafunsa ngati ili ndi esesidi. Ndinafunsa bamboyo, ndipo anati yotuwayo ili nayo koma yaing'ono, yakudayo ilibe koma angaikemo.

"Inuyo mukanakhala ine mukanatenga iti?" ndinamufunsa.

"Ine ndikanatenga yakuda. Koma ine kwathu kuli magetsi."

Ndinaikanso dzanja pa yakudayo. Inali idakali yofunda. Ndinaganiza za mvula ija pa galasi. Ndinaganizanso zoti ndinali ndisanagule bulangete, ndowa, ngakhale nsapato zopitira m'kalasi. Sindinganene kuti ndinawerengera bwino n'kupeza yankho. Mutu unali utangodzaza. Pamene amalume anasuzumira pa khomo n'kufunsa kuti, "Bwanji?" chala changa chinaloza yotuwa, ndipo ine ndinadabwa nacho ngati chala cha munthu wina.

Amalume sananene kuti ndasankha bwino kapena molakwa. Ananenerera mtengo, anapempha lisiti, anapemphanso kuti bamboyo awonjezere chikwama. M'minibasi ndinaikumbatira pa chifuwa njira yonse. Inali yolemera ngati mwana wa miyezi iwiri.

Mawa lake ndinakhala pa khonde n'kuyamba kulemba kalata yothokoza amayi ndi amalume. Ine ndinkatayipa ndi zala ziwiri, ndikufunafuna chilembo chilichonse. Ndinadina batani la Z kuti ndilembe zikomo, koma pa sikirini panatuluka "yikomo". Ndinafufuta n'kuyesanso. Chimodzimodzi. Ndinayesa kulemba amayi, panatuluka "amazi". Ndinayang'anitsitsa mabataniwo, ndipo ndinaona kuti ena ali ndi zilembo za timadontho tiwiri pamwamba, zimene sindinazionepo m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Ndinadziwa kuti tagula chinthu chowonongeka, ndipo wosankha ndinali ine.

Ndinainyamula kuthamangira kwa amalume. Ndinawapeza akukonza khola.

"Amalume, makina aja ndi olakwika. Akusinthanitsa zilembo."

Anasamba m'manja, anakhala pa mpando, anaiika pa miyendo. Maso ali ku mtengo wa mango, analemba kuti "zikomo amayi". Zinatuluka bwinobwino.

"Palibe cholakwika apa."

Ndinailanda n'kulemba mawu omwewo. Panatuluka "yikomo amazi".

Anailandanso, analemba, zinatuluka bwino. Ndinalemba ine, zinalakwika. Tinachita zimenezi kanayi kapena kasanu. Azakhali, akazi awo a amalume, anabwera n'kuima patali, ndipo anati mwina makinawo anazolowera mwini wake wakale ndipo akufuna munthu wamkulu. Ine ndinali pafupi kulira.

Kenako amalume anati ndilembe pang'onopang'ono iwo akuyang'ana chala changa. Nditadina Z anandigwira dzanja.

"Z sakhala pamenepo. Z amakhala pansi apa, kumanzere."

"Koma apa alemba Z."

Anavala magalasi, anawerama, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana mabatani amene anawatama kusitolo aja. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye alemba zabodza," anatero.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti laputopuyo inachokera ku dziko lina kumene zilembo amazisanja mosiyana ndi kwathu, ndipo wogulitsa uja anasintha za m'kati zokha, zolembedwa pa mabatani n'kutsala mmene zinalili. Tsiku limenelo sitinkadziwa zimenezo. Ine ndinati tibwerere m'tauni ndi lisiti lija. Amalume anati minibasi siyaulere, ndipo vuto silili pa makina koma pa maso anga amene akukhulupirira penti. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansalu ka pa tebulo.

Masabata atatu otsala kuti ndipite ku yunivesite ndinkapita kwawo tsiku lililonse ndikaweruka kumunda. Ankaika zala zanga pa mzere wa pakati, n'kuzifunditsa kansaluko, n'kumandiwerengera zokambirana zakale za mpingo kuti ndizilemba. Ndinalemba za denga la tchalitchi lodontha, za kwaya imene inkafika mochedwa, za mbuzi zolowa m'munda wa abusa. Ndikasuzumira pansi pa nsalu ankagogoda tebulo ndi pensulo. Tinkaphunzira mpaka batire kutha, ndipo mawa lake ndinkapalasa njinga kukatchajitsa kwa ometa tsitsi pa Nsaru. Lole ndinkaiyendetsa komweko podikira, ikudumphadumpha choncho, ometawo akundiuza pokhotera.

Ku yunivesite, sabata yoyamba yomweyo, mnyamata wina wa chaka chachitatu anaitembenuza, anawerenga pansi pake, n'kunena kuti anandibera. Tsiku lotsatira mphunzitsi wa za makompyuta anaiona pa desiki panga n'kunena kuti zoterezi ndiye zolimba, zamasiku ano n'zoseweretsa. Mpaka lero sindidziwa amene ankanena zoona. Inkachedwa kutsegula mapulogalamu ena, koma magetsi akazima inkatsala yoyaka anzanga atatseka zawo.

Nthawi ya maasainimenti itafika, amene analibe malaputopu ankayendayenda m'hositelo kubwereka. Mnzanga wa chipinda choyandikana anabwereka yanga Loweruka lina kuti alembe lipoti. Pasanathe ola anaibweza, nkhope ili gwaa.

"Chinthu chakochi chili ndi mizimu," anatero. "Ndalemba dzina langa katatu, katatu konse chalakwitsa."

Nkhaniyo inafala m'hositelo yonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibenso anabwera kudzagogoda pa chitseko changa kufuna laputopu. Ndinaganiza zowafotokozera, koma ndinali ndi malipoti anga atatu oti ndimalize sabata imeneyo, ndiye ndinangokhala chete n'kupitiriza kulemba.